Tiki, Kwacha ndi Moyo wa Munthu: Mbiri ya Kulipira Mankhwala pa Uliwa

Munthu woyenda pa mseu wa M1 kuchokera ku Mzuzu, akatsika phiri la Chiweta ndi kudutsa pa Chitimba, amafika pa malo a malonda otchedwa Uliwa. Ndi malo osagona msanga. Malole opita ku Songwe ndi ku Dar es Salaam amaima pamenepo, amayi amagulitsa usipa ndi mpunga wochokera ku sikimu ya Hara, ndipo chapafupi pomwepo pali doko la Chilumba, kumene sitima ya Ilala yakhala ikutembenukira kwa zaka zambiri. Kuchoka pa Uliwa kukafika ku chipatala chachikulu cha boma la Karonga ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 70.

Mwana akatentha thupi usiku m'mudzi wina wa dera limeneli, makolo ake amayamba aŵerenga ndalama asanasankhe njira. Ku chipatala cha Boma cha Chilumba salipiritsa, koma mwina mankhwala akapezeka atatha. Ku chipatala cha St Anne's, cha mpingo wa Katolika, amalipiritsa. Pa golosale pali mibulu ya panado yogula iŵiriiŵiri, ndipo amene ali ndi kangachepe angathe kupita ku kachipatala ka munthu wamba, kamene mwini wake amadyera pomwepo. Omvera ena angaganize kuti kusankha kotereku kwabwera ndi masiku ano. Iyayi, nkhaniyi ili ndi zaka zoposa 100, ndipo tsiku lina idagwedezapo Boma lenilenilo.

Azungu asanafike, wodwala ankapita kwa sing'anga, ndipo sing'anga sankagwira ntchito yaulere. Poyamba ankalandira kanthu kochepa, kamene Acheŵa amati chipondamthengo, ndiko kuti kopepesera miyendo ya munthu wokakumba mizu kutchire. Malipiro enieni, nkhuku kapena mbuzi, kaŵirikaŵiri ankabwera wodwala atachira. Asing'anga adyera analipo, monga momwe alili pa ntchito iliyonse. Komabe mwambo umenewu unali ndi nzeru yake: wochiritsa ankadya pamene wodwala wadzuka, ndiponso ankakhala m'mudzi momwemo, pakati pa abale a munthu amene wamlephera.

Amishoni a Livingstonia adafika pa nyanja mu 1875, ndipo pakati pawo panali Dr Robert Laws. Atakhala ku Cape Maclear ndi ku Bandawe, mu 1894 adakwera phiri la Khondowe, limene limaonekera bwino kuchokera ku magombe a kumwera kwa Karonga. Chipatala cha David Gordon Memorial chidatsegulidwa kumeneko mu 1911. Kwa anthu a ku Deep Bay, monga momwe Azungu ankatchulira Chilumba, chimenecho ndicho chinali chipatala chenicheni chapafupi, ngakhale kuti wodwala kwambiri ankachita kumnyamula pa machila kukwera naye mseu wokhotakhota wa Gorodi. Ndalama zoyendetsera ntchitoyi zinkachokera ku mipingo ya ku Scotland, ndipo sizinkakwana. Motero m'kupita kwa nthaŵi amishoni adayamba kupempha odwala kuti aziperekapo kanthu. Ambiri mwa iwo ankanena kuti chinthu chaulere munthu sachisamala. Mau ameneŵa adzamvekanso m'kamwa mwa anthu ena patapita zaka zambiri, ndipo nthaŵi zonse oŵanena amakhala anthu amene sadagonepo ndi njala kuti agule jakisoni.

Boma la atsamunda lidabweretsa madokotala ake makamaka kaamba ka Azungu ndi asilikali. Timazipatala ta m'midzi tidayamba kuoneka nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Munthu wakuda sankalipira m'zipatala za Bomazo, koma zinali zochepa, zosoŵa mankhwala, pamene msonkho wa nyumba unkatoleredwa chaka ndi chaka mosaphonya.

Tsono nkhani ya tiki. Dziko lidalandira ufulu pa 6 July 1964, ndipo mtsogoleri wake anali dokotala, Dr Hastings Kamuzu Banda, amene adagwirapo ntchito ku London m'zaka zimene Mangalande adakhazikitsa chithandizo chaulere cha National Health Service mu 1948. Koma Boma latsopanolo, poona kuti thumba lake nlopepuka, lidalamula kuti aliyense wopita ku chipatala cha Boma azilipira tiki, ndiye kuti makobiri atatu. Kwa kalaliki wa ku Zomba tiki inali yaing'ono. Kwa mayi wa kumudzi wa ana asanu, amene ndalama ankaiona pokhapokha mwamuna wake akatumiza kuchokera ku Joni kapena ku Harare, inali phiri. Anthu adang'ung'udza kuti kodi ufulu uja ndi umenewu? Pakuti ngakhale Mzungu sankalipiritsa.

Nduna zidamva kung'ung'udzako. Kumapeto kwa August chaka chomwecho zidakumana ku Kuchawe, pa phiri la Zomba, ndi kulemba madandaulo awo kwa Dr Banda. M'madandaulomo munali nkhani ya malipiro a ogwira ntchito m'Boma, kuchedwa kokweza Amalaŵi pa maudindo, ubale ndi Apwitikizi, ndiponso tiki ya kuchipatala. Pa 7 September nduna zina zidachotsedwa, ndipo zina zidatula pansi maudindo m'masiku omwewo. Pakati pawo panali Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi, Willie Chokani, Masauko Chipembere ndi Yatuta Chisiza, amene banja lake linali la m'mbali mwa nyanja yomweyi, chakumwera kwa Chilumba. Ndunazo zidagonja, zambiri zidathaŵira kunja, ndipo Yatuta adaphedwa ku Mwanza mu 1967. Chodabwitsa nchakuti pa nkhani ya tiki yokha ogonjawo ndiwo adapambana. Lamulolo silidakhalitse, ndipo maboma onse otsatira akhala akuiwopa nkhani yolipiritsa pa khomo la chipatala cha Boma monga munthu amene adapsapo ndi phala.

Mu 1966 zipatala za mipingo zidapanga bungwe lawo, Private Hospital Association of Malawi, limene pambuyo pake lidasanduka CHAM. Zipatalazi sizifuna phindu, ndipo ndalama zimene zimatolera zimathera pa mankhwala, mafuta a ambulansi ndi kukonza madenga. Zimasamalira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a odwala m'dziko muno, makamaka m'midzi. Komatu apa mpamene padabadwira kukondera kumene palibe munthu adakukonza dala. Boma silinkafulumira kumanga chipatala pamene mishoni idamanga kale. Chotsatira chake, munthu wobadwira pafupi ndi chipatala cha Boma amachira kwaulere, pamene mnzake wobadwira pafupi ndi mishoni, wosauka chimodzimodzi, wokhoma msonkho womwewo akagula sopo ndi mchere, amalipira.

Chilumba ali ndi mbiri ina imene yathandiza dziko lonse lapansi. Mu 1979 bungwe la LEPRA, mogwirizana ndi sukulu ya London School of Hygiene and Tropical Medicine, lidayamba kafukufuku wa matenda a khate m'boma la Karonga, motsogozedwa ndi Dr Jörg Pönnighaus ndi Paul Fine. Ogwira ntchito adayenda khomo ndi khomo kuyeza anthu. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 adalandira katemera m'kafukufukuyo, ndipo zotsatira zake, zimene zidatuluka mu 1996, zidaonetsa kuti kubwereza katemera wa BCG kumachepetsa khate ndi theka, koma sikuteteza ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Chofunika kuchiona pano nchakuti wakhate sankalipira kanthu. Panalibe wamalonda amene akadaona phindu mwa munthu woduka zala wa ku Fulirwa. Khate lidagonja chifukwa mankhwala ndiwo adamlondola wodwala kumudzi kwake.

Zaka za m'ma 1980 zidabwera ndi mphepo ina. Ngongole zidakula, nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira za ku Beira ndi Nacala, ndipo obwereketsa ndalama adayamba kulamula kuti maboma achepetse zimene amawononga. Mu 1987 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idatulutsa chikalata cholimbikitsa maiko osauka kulipiritsa odwala ndi kutsegulira khomo azamalonda. Zambia idayamba kulipiritsa mu 1993, ndipo idadzathetsa malipirowo m'midzi mu 2006 itaona kuti osauka angokhala kunyumba. Uganda idaŵathetsa mu 2001. Malaŵi sadatsate njira imeneyo pa zipatala za Boma, kupatula zipinda zolipiritsa za m'zipatala zikuluzikulu. Koma mu 1987 momwemo Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la madokotala, limene lidabala Medical Council of Malawi ndi kupeputsa njira yakuti odziŵa zachipatala atsegule zipatala zawozawo. Kuyambira pamenepo timazipatala ta anthu wamba tidayamba kumera m'matauni ndi pa malo a malonda onga Uliwa. Ku Blantyre chipatala chachikulu cha Mwaiwathu chidatsegulidwa mu 1998.

Nkosayenera kunamizira eni ake a timazipatalati kuti onse ndi akuba. Ambiri ndi anthu amene adatumikira Boma zaka zambiri pa malipiro osafika kumapeto kwa mwezi. Amatsegula madzulo pamene kwina atseka, salola mzere kutalika, amamlonjera wodwala mwaulemu, ndipo mankhwala amakhala nawo. Anthu amapitako ndi miyendo yawo, osakakamizidwa. Koma walira mvula walira matope. Malonda a mankhwala ngosiyana ndi malonda a mpunga. Mayi wogula Kilombero pa msika wa Uliwa amatha kumnunkhiza, kumtafuna, kunenerera mtengo, ndipo akapanda kukhutira amapita kwa wina kapena kudikira maŵa. Mayi yemweyo mwana wake akamakomoka sangadikire maŵa, sanganenerere, ndipo sangadziŵe ngati mwanayo akufunikadi dripi ndi majakisoni asanu kapena mibulu chabe. Wodziŵa ndi wogulitsa yemweyo. Katswiri wa zachuma wa ku Amereka, Kenneth Arrow, adalongosola vuto limeneli mu 1963, ndipo mu 1971 dokotala wa ku Wales, Julian Tudor Hart, adaonjeza kuti kumene chithandizo chimasiyidwa m'manja mwa msika, chimachuluka kwa ochifuna pang'ono ndi kuchepa kwa ochifuna kwambiri. Umboni wake suli patali. Zipatala zazikulu zolipiritsa zili ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, kumene kuli anthu a malipiro a pamwezi ndi a inshulansi. Ku mapiri a kumadzulo kwa Uliwa, kumene mseu umatha, wamalonda sapitako.

Mayeso aakulu a nkhani yonseyi adabwera ndi Edzi. Pofika chaka cha 1996 maiko olemera anali atapeza mankhwala atatu ophatikiza amene amagonetsa kachirombo ka HIV. Mtengo wake unali madola 10,000 kapena kuposerapo pa munthu mmodzi pa chaka, pakuti makampani amene adaŵapanga anali ndi ziphaso zoletsa wina aliyense kupanga ofanana nawo. Makampaniwo ankati mtengowo ngobwezera ndalama za kafukufuku, ndipo mfundoyo si yopanda pake. Koma tanthauzo lake pa Uliwa linali lakuti mankhwala alipo pa dziko lapansi, ndipo aphunzitsi, asodzi, asilikali ndi amayi a pa msika apitirirebe kuikidwa m'manda. Mu February 2001 Yusuf Hamied, mkulu wa kampani ya Cipla ya ku India, adalengeza kuti angathe kugulitsa mankhwala omwewo pa madola 350 pa chaka. Mu April chaka chomwecho makampani 39 amene adasumira boma la South Africa pa nkhani ya mankhwala otsika mtengo adauleka mlanduwo chifukwa cha manyazi. Omvera aone bwino apa: Cipla nayonso ndi kampani yofuna phindu. Chimene chidagwetsa mtengo sichinali chifundo chokha, koma kutha kwa ufumu wa wogulitsa mmodzi.

Ngakhale mtengo udatsika chotero, kwa Mmalaŵi unali udakali kumwamba. Chaka cha 2004 chisanafike, ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Lighthouse ku Lilongwe ma ARV ankapezeka pa K2,500 pa mwezi, ndiye kuti K30,000 pa chaka. Kafukufuku wa Boma wa 2004 ndi 2005 adaika malire a umphaŵi pa K16,165 pa munthu pa chaka, ndipo anthu 52 mwa 100 alionse anali pansi pa malirewo. Ndiye kuti munthu woteroyo, akadasiya kudya, kuvala ndi kugula mchere kwa chaka chathunthu, akadagula mankhwala a miyezi 6 yokha. Mabanja ankasonkha, kugulitsa ng'ombe, kutenga katapila. Wodwala ankamwa miyezi itatu, nkuyamba kunenepa, ndalama nkutha, nkusiya. Madokotala a ku Queen Elizabeth adapeza kuti kusoŵa ndalama chinali chimodzi mwa zifukwa zazikulu zodukizira mankhwala, ndipo kudukiza kumeneko ndiko kumalimbitsa kachirombo. Wa ku Uliwa akadayenera kuonjezapo ndalama ya basi.

Thumba la Global Fund litavomera kupatsa Malaŵi madola 196 miliyoni, Boma lidayamba kupereka ma ARV kwaulere mu 2004. Ku chipatala cha boma la Karonga adafika mu June 2005. Zimene zidachitika kenaka zikudziŵika bwino kuposa za kwina kulikonse, chifukwa kuyambira mu 2002 ofufuza a ku Chilumba ankalemba kubadwa ndi kumwalira kwa munthu aliyense mwa anthu pafupifupi 32,000 a m'midzi yozungulira Uliwa ndi Chilumba. Kaundula wawo adaonetsa kuti mankhwala asanabwere, mwa achinyamata 100 ofika zaka 15, okwana 43 sakadafika zaka 60. Mwa maliro 352 a anthu a zaka za pakati pa 15 ndi 59, okwana 229 anali a Edzi. Patangopita miyezi 8 chitsegulire chipatala cha ma ARV, anthu 107 a m'derali anali atayamba kulandira mankhwala, mwa anthu pafupifupi 334 amene ankaŵafuna. Imfa za akuluakulu zidatsika ndi 10 pa 100 m'dera lonselo. Koma pakati pa anthu okhala m'mbali mwa mseu wa tala zidatsika ndi 35 pa 100. Nkhaniyi idasindikizidwa m'magazini ya madokotala ya The Lancet mu 2008, ndipo idali umodzi mwa maumboni oyamba mu Afrika akuti mankhwala aulere angathe kubweza imfa m'mudzi wathunthu.

Manambala aŵiri otsirizawo ngofunika kuŵayang'anitsitsa. Mankhwala anali aulere kwa onse, koma oyamba kupulumuka anali a pa mseu, amene kaŵirikaŵiri ndiwo anali ndi ndalama yokwerera galimoto ulendo wa makilomita 70 kupita ndi ena 70 kubwerera. Nzoona kuti matendawo anali ochuluka pa mseupo kusiyana ndi kumidzi yakutali, komabe mtunda nawo unali tiki ya mtundu wina. Nchifukwa chake chidali chinthu chachikulu pamene ma ARV adayamba kuperekedwa pa chipatala cha Chilumba mu 2006, pamalo ofikika pa njinga.

M'chaka chomwecho cha 2006 Unduna wa za Umoyo udayamba kuchita mapangano ndi zipatala za CHAM akuti amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene azithandizidwa kwaulere, Boma nkumalipira pambuyo. Ofufuza adapeza kuti kumene mapanganowo adagwira ntchito, amayi opita ku sikelo adachuluka ndi 15 pa 100, ndipo ochirira ku chipatala adachuluka ndi 11 pa 100. Vuto lake nlakuti Boma limachedwa kulipira, ndipo ngongole ikakula zipatala zina zimabwezeretsa malipiro. Ku Neno zimenezi zidayezedwa bwino: malipiro atabwerera m'zipatala zina za mishoni, odwala ofika pa khomo adatsika ndi 68 pa 100. Malungo sadachepe m'midzimo. Odwalawo adangoleka kubwera.

Ulere wa ku chipatala cha Boma nawo uli ndi ming'alu yake. Wodwala amaonana ndi dokotala kwaulere, kenaka nkumva kuti mankhwala kulibe, akagule ku famase. Pakhala milandu yambiri m'makhoti a dziko lino ya anthu opezeka akugulitsa mankhwala a Boma, kuphatikizapo LA wa malungo, amene adayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2007. Mankhwala ogulidwa kuti akhale aulere amatuluka pa khomo lakumbuyo nkukagulitsidwa kwa mwini wake yemweyo. Anamwino ndi madokotala ophunzitsidwa ndi msonkho wa onse amakopeka ndi malipiro a zipatala zolipiritsa kapena a kunja. Motero zipatala za phindu sizikhala pambali chabe ngati sitolo ina: zimamwa pa chitsime chimodzi ndi chipatala cha osauka. Amalaŵi okhala ku Joni amadziŵa kumene njira imeneyi imathera, pakuti ku South Africa anthu osafika 20 mwa 100 alionse ndiwo ali pa inshulansi ya zipatala zolipiritsa, koma pafupifupi theka la ndalama zonse za umoyo m'dzikolo limathera pa iwo.

Mu 2001 atsogoleri a mu Afrika adalonjeza ku Abuja kuti 15 pa 100 ya ndalama za maboma awo izipita ku zaumoyo. Malaŵi zaka zambiri sadafikepo, ndipo ndalama zoposa theka za umoyo m'dziko muno zakhala zikuchokera kwa abwenzi akunja. Mbulu wa ARV umene mlimi wa ku Hara amalandira pa Chilumba umapangidwa ndi kampani yofuna phindu, kaŵirikaŵiri ya ku India, nkulipiridwa ndi okhoma msonkho a maiko ena. Mu January 2025 boma la Amereka lidaimitsa chithandizo chake chambiri cha kunja, ndipo bungwe la USAID lidatsekedwa m'chaka chomwecho. Ogwira ntchito zaumoyo ambiri amene malipiro awo ankachokera kumeneko adauzidwa kuti akhale kunyumba. Nkhani zokulitsa zipinda zolipiritsa ndi kukhazikitsa inshulansi ya dziko lonse, zimene zakhala zikukambidwa kwa zaka zingapo, zidapeza mphamvu zatsopano. Ofufuza a ku Chilumba, amene tsopano amadziŵika ndi dzina lakuti MEIRU, akupitirizabe kulemba kubadwa ndi maliro m'midzi ya Uliwa, monga adayambira mu 2002.